Sensa ya nyali kapena ya alamu ikamavuta kuno kuchigwa cha Shire

Chaka chilichonse Okutobala akangolowa, madandaulo a masensa amachuluka kuyambira ku Dyeratu mpaka ku Nsanje. Wina akuti nyali ya pakhonde siyakanso munthu akamadutsa, wina akuti alamu ya pagolosale ikungolira usiku wonse popanda munthu, wina foni yake yasiya kulandira uthenga wochokera kunyumba. Ambiri amakwera basi kukagula sensa ina ku Limbe, n'kupeza kuti yatsopanoyo ikuchitanso zomwezo. Masensa ambiri amene amatayidwa kuno amakhala abwinobwino. Chovuta chimakhala kutentha kwathu kuno, malo amene sensayo yamangidwa, kapena mtundu wa sensa wosagwirizana ndi ntchito imene mwaipatsa.

Pafupifupi masensa onse otsika mtengo, kaya a m'nyali za sola, a m'nyali za magetsi zapakhoma, kapena timasensa ta batire tolumikizana ndi foni, ndi a mtundu wa PIR. Sensa yotere imamva kutentha kochokera m'thupi, ndipo imadzuka pokhapokha chinthu chotentha mosiyana ndi malo ochizungulira chikasuntha kuchoka m'chigawo china cha diso lake kulowa m'china. Kapulasitiki koyera kotukuka kutsogolo kwake ndi kamene kamagawa bwalo lanu m'zigawozo. Pa vuto lililonse m'munsimu, zoyambitsa ndaziyala kuyambira chofala kwambiri, choncho yambani ndi nambala 1.

## Munthu akudutsa koma nyali siyaka

1. Kutentha. Kuno chimenechi ndiye chachikulu. Khungu la munthu limakhala pa madigiri pafupifupi 33. Ku Nchalo, Ngabu, Bangula ndi Nsanje masana a Okutobala ndi Novembala amapitirira madigiri 40, ndipo khoma la njerwa, simenti ya pakhonde ndi mchenga wa pabwalo zimasunga kutenthako mpaka usiku ndithu. Munthu akadutsa kutsogolo kwa khoma lofunda mofanana ndi thupi lake, sensa siipeza kusiyana kulikonse. Sensa imene mu Juni inkaona munthu ali pageti imayamba kumuona atafika kale pakhomo, kapena osamuona n'komwe.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Cha m'ma 7 koloko madzulo gwirani ndi kuseri kwa dzanja khoma kapena pansi pamene sensa yaloza, kenako yendani chodutsa kutsogolo kwake n'kuika chizindikiro pamene yakuonerani. Chitaninso chimodzimodzi m'bandakucha cha m'ma 4 koloko. Ngati m'bandakucha ikukuonani muli patali, sensayo ilibe vuto ndipo musawononge ndalama kugula ina ya mtundu womwewo.

- Potokolani kabatani kolembedwa SENS, koonjezera kapena kuchepetsa mphamvu ya sensa yoonera, kuti kakwere.
- Weramitsani sensayo pang'ono kuti iziyang'ana pafupi, mamita atatu kapena asanu, pamene munthu sangalephere kudutsa.
- Ilozetseni kumene masana kumakhala mthunzi, monga pansi pa mtengo wa nimu, osati kukhoma limene limawombedwa ndi dzuwa lamadzulo.
- Isawombedwe ndi dzuwa, komanso isakhale yogundana ndi malata. Pabokosi pa masensa ambiri a m'nyumba palembedwa kuti amagwira ntchito mpaka madigiri 40 kapena 45, ndipo pansi pa malata masana pamapitirira pamenepo.
- Kukazizira mu Meyi kapena Juni, bwezerani SENS pansi, apo ayi idzayamba kuyakira zilizonse.

2. Munthu akubwera molunjika sensa. PIR imaona bwino munthu wodutsa chopingasa kusiyana ndi wobwera chindunji. Anthu ambiri amaimanga pamwamba pa chitseko itayang'ana kanjira kochokera kugeti, ndiye mlendo amayenda m'chigawo chimodzi mpaka kufika pakhomo. Isunthireni pangodya ya nyumba kuti kanjirako kadutse kutsogolo kwake. Kutalika kwabwino ndi mamita 2 mpaka 2.5 kuchokera pansi.

3. Diso lada kapena lapsa ndi dzuwa. Fumbi la chilimwe, phulusa la nzimbe zowotchedwa kwa amene muli pafupi ndi minda ya ku Nchalo, ulusi wa kangaude, ngakhale dothi limene mavu amamata pangodya, zonsezi zimaphimba diso. Pukutani ndi kansalu kofewa konyowa pang'ono. Musagwiritse ntchito palafini kapena sipiliti chifukwa zimawononga pulasitikiyo. Ngati diso lasanduka lachikasu, lang'aluka, kapena likufumbutuka mukaligwira, ndiye kuti dzuwa lalimaliza ndipo sensa yonse iyenera kusinthidwa.

4. Ikuganiza kuti kudakali masana. Kabatani ka LUX ndi kamene kamaiuza kuti kwada. Babu la aneba kapena nyali yanu ina ikamaiwalira, sensa imangogona. Nyali zambiri za sola zimadziwira mdima kudzera pa panelo yake, choncho kuwala kukagwera pa panelo siziyaka. Phimbani panelo ndi nsalu yakuda n'kudutsa. Ikayaka, mwalipeza vuto.

5. Yaikidwa kuseri kwa galasi. Kutentha kwa thupi sikudutsa pagalasi la zenera. Sensa ya PIR yoikidwa m'nyumba kuti iziona panja kudzera pazenera siidzaona munthu ngakhale tsiku limodzi.

6. Batire lafooka. Za mabatire zili m'munsimu.

## Ikungoyaka kapena kulira yokha popanda munthu

Vuto ili ndi loopsa kuposa mmene limaonekera. Alamu ikalira pachabe masiku angapo otsatizana, a pabanja ndi aneba amasiya kudzuka, ena amafika poizimitsa kuti agone, ndipo usiku umene yalirira wakuba weniweni sipakhala wotuluka.

1. Ziweto. Mbuzi, agalu, amphaka, nkhumba ndi ng'ombe zonse ndi zofunda, ndipo kwathu kuno ziweto zimayenda momasuka anthu akakolola. M'mawa yang'anani mapazi pamchenga. Dulani katepi kakuda ka magetsi n'kumata mbali ya diso imene ikuona kukhola kapena kunjira ya ziweto, kenako yesani poyenda mpaka mutatseka mbali yokhayo yosafunikayo. Pali masensa olembedwa kuti salabadira ziweto zapakhomo, koma amakhala ndi malire a makilogalamu pabokosi, ndipo mbuzi yaikulu kapena thole zimapitirira malirewo.
2. Zinthu zogwedezeka ndi mphepo. Nthambi za mango, masamba a nthochi, zovala zoiwalika pachingwe, pepala lapulasitiki lofolera chimanga. Zikagwedezeka kutsogolo kwa khoma lofunda, sensa imaona ngati chinthu chotentha chikusuntha. Sadzani nthambizo kapena tembenuzani sensa.
3. Nalimata ndi tizilombo. Nyali ikayaka tizilombo timasonkhana, nalimata amabwera kudzadya, n'kumayenda padiso penipeni pa sensa, nyali n'kuyakanso. Zimanyanya mvula yoyamba ikagwa ngumbi zitatuluka. Njira yokhalitsa ndi kusiyanitsa sensa ndi nyali, sensa ikhale mita imodzi kapena iwiri kutali ndi babu. Nyerere zikalowa mkati, tsekani pabowo polowera waya ndi silikoni.
4. Moto ndi injini. Mbaula yosiyidwa pakhonde, utsi wa kukhitchini, galimoto ndi njinga zamoto za kabaza zodutsa. Amene nyumba zanu zili m'mphepete mwa msewu wa M1, weramitsani sensa kuti isafike kumsewu.
5. Sensa yomwe ikugwedezeka. Ikamangidwa pamtengo wamoyo kapena papaipi yopyapyala, mphepo ikawomba imaona ngati bwalo lonse likuyenda. Imangeni pakhoma.
6. Madzi alowa. Ngati mukuona timadontho mkati mwa diso mvula itagwa, onani gawo la nthawi yoitana mmisiri.

## Nyali yayaka osazimanso

Chofala kwambiri ndi kuphethira kwa magetsi. Nyali zambiri za sensa zapakhoma zinapangidwa kuti mukazimitsa swichi n'kuyatsanso msangamsanga, ziziyaka mosalekeza ngati nyali wamba. Magetsi akathima n'kubweranso pakamphindi, nyaliyo imaona ngati mwachita dala. Zimitsani swichi yake, dikirani mphindi imodzi yathunthu, yatsaninso, ndipo chokani pamalopo. Iyaka kanthawi pamene sensa ikukhazikika kenako izima yokha.

Ikapanda kuzima, yang'anani kabatani ka TIME, koikira nthawi imene nyali imakhala yoyaka, mwina mwana anakapotokolera kumapeto. Kabwezereni pochepa. Ikakanabe, phimbani diso lonse ndi tepi yakuda n'kudikira. Nyali ikazima ndiye kuti pali chimene chikuidzutsa mobwerezabwereza, bwererani ku gawo la pamwambali. Ikakhalabe yoyaka diso litaphimbidwa, kaswichi ka mkati mwa sensa kamamatirana, zimene zimachitika mukalumikiza nyali zambiri za LED pa sensa imodzi kapena mphenzi ikagwa pafupi. Pamenepo sensa isinthidwe ndi mmisiri. Babu la LED longonyezimira pang'ono litazima nthawi zambiri limasonyeza kuti sensa ndi babulo sizikugwirizana, kapena mawaya analumikizidwa molakwika.

## Nyali ikuzima muli m'chipinda momwemo

Muli pabalaza mukuonera mpira, kapena mwana akuwerenga patebulo, nyali n'kuzima mpaka wina atagwedeza mkono. Sensayo sinawonongeke. PIR siidziwa za munthu amene wakhala phee. Mungathe kutalikitsa nthawi yozimira kufika mphindi 10 kapena 15, koma yankho lenileni ndi sensa ya radar imene ndaifotokoza kumapeto. Dziwaninso kuti timasensa tambiri ta batire tikaona munthu timapumira kaye, tina mpaka mphindi imodzi, kuti tisunge batire, ndipo m'kanthawi kameneko sititumiza uthenga wina.

## App ikuti sensa palibe, kapena uthenga ukufika mochedwa

1. Rauta kapena hub (kabokosi kolandira uthenga wa masensa n'kuupereka ku rauta) yazima. Sensa ili ndi batire lake, koma zimene imalankhula nazo zimadya magetsi a ESCOM. Magetsi akathima, sensa imaona munthu koma ilibe poperekera uthenga. Gulani kabatire kosungira magetsi a rauta, kamene kamatulutsa 12V kapena 9V malinga ndi zimene zalembedwa pansi pa rauta yanu, kapena lumikizani rauta ndi hub ku batire la sola. Tisaiwale kuti namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira kuno ku Chikwawa mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Chitetezo cha pakhomo chiyenera kugwira ntchito ngakhale magetsi kulibe.
2. Bandulo yatha kapena netiweki yagwa. Masensa ambiri a Wi-Fi amatumiza uthenga kumakompyuta a kampani yake kunja kwa dziko, ndipo kuchokera kumeneko ndi pamene umabwerera kufoni yanu kapena kukayatsa babu la pakhonde lomwelo. Intaneti ikavuta zonse zimaima. Komanso MiFi imene bambo amanyamula popita kuntchito singakhale ya alamu ya panyumba.
3. Foni ikutsekereza mauthenga. Mafoni ambiri a Android amagoneka ma app kuti asunge batire. Lowani m'masetingi a batire, chotsani app ya sensa pa mndandanda wa ogonekedwa, ndipo iloleni kuti izitumiza mauthenga.
4. Malata ndi makoma. Chitsulo chimatchinga mafunde a wailesi. Sensa ya m'golosale ya kontena, m'nyumba ya malata mbali zonse, kapena kuseri kwa chitseko chachitsulo imavutika kufikira rauta. Itengereni pafupi ndi rauta. Ikagwira bwino pamenepo, vuto ndi mtunda. Pa masensa a Zigbee, amene amalankhula ndi hub m'malo mwa Wi-Fi, pulagi ya Zigbee yoikidwa pakati imalandira uthenga n'kuupititsa, koma imatero pokhapokha magetsi alipo.
5. Wi-Fi yolakwika. Pafupifupi timasensa tonse ta Wi-Fi timafuna 2.4 GHz, osati 5 GHz. Ngati yakana kulumikizana kuyambira tsiku loyamba, kapena mutangosintha rauta, yambani kuona pamenepa. Dzina la Wi-Fi kapena pasiwedi zikasintha, sensa iyenera kulumikizidwanso mwatsopano.
6. Hub yagundana ndi rauta. Zigbee ndi Wi-Fi zonse zimayenda pa 2.4 GHz ndipo zimasokonezana. Zitalikitseni mita imodzi kapena kuposa.

## Batire likutha msanga

Timasensa ta Zigbee timagwiritsa ntchito kabatire kozungulira ka 3V monga CR2450 kapena CR2032, ndipo kabwino kamatha chaka kapena kuposa. Ta Wi-Fi timadya batire kwambiri chifukwa nthawi iliyonse tikaona munthu timayamba kufunafuna rauta. Batire likamatha m'milungu yochepa, onani izi: sensa ili pamalo podutsadutsa anthu kapena ziweto tsiku lonse, ili kutali ndi hub ndiye ikungobwereza kutumiza uthenga, kapena mabatire munagula anakhalitsa padzuwa pamsika. Onani deti papaketi. Timapini ta mkati tikachita dzimbiri ndi chinyezi cha dzinja, tipaleni pang'ono mpaka tiwale.

Nyali za sola zambiri zili ndi batire la lithium la mtundu wa 18650, limene likadzaza limafika 4.2V. Kutentha kumalikalambitsa msanga, ndipo nyali imene panelo, babu ndi batire zili m'bokosi limodzi imaphikidwa padzuwa tsiku lonse. Ngati ikuyaka madzulo n'kufa pakati pa usiku, yambani mwatsuka panelo, onani ngati mtengo sukuichititsa mthunzi, kenako izimitseni masiku awiri adzuwa kuti batire lidzaze. Ikapanda kusintha, batire latha. Mukamagula ina, sankhani ya panelo yapadera yokhala ndi waya, kuti panelo ikhale padenga pomwe nyali ndi batire zili pamthunzi.

Timabatire tozungulira tija musatisiye pofikira ana. Mwana akameza, kangathe kumuwotcha kummero m'maola awiri okha. Musamusanzitse, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

## Apa siyani, itanani mmisiri wa zamagetsi

Kupukuta diso, kupotokola mabatani, kusintha batire ndi kusuntha sensa ya batire mungathe nokha. Nyali yolumikizidwa ku magetsi a 230V musaitsegule ngati mwaona chimodzi mwa izi:

- Fungo la pulasitiki yopsa, kapena bokosi lada kapena kusungunuka.
- Breaker ikugwa nyali ikangoyaka kapena mvula ikagwa.
- Malata, geti kapena paipi yomangirapo nyali zikugwira shoko.
- Madzi alowa mkati, kapena nyumba inalowa madzi osefukira. Amene munaona madzi a mu 2015 ndi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 mukudziwa mmene matope amatsalira m'masoketi. Ngakhale kunja kuoneke kouma, musayatse mpaka mawaya atayezedwa.
- Mphenzi yagwa pafupi ndipo zipangizo zingapo zafa nthawi imodzi.
- Batire la lithium latupa, likudontha kapena likutentha. Lichotseni panyumba, liikeni pamchenga kutali ndi udzu, ndipo musaliboole kapena kuliponya pamoto.

Zimitsani meni swichi ndi manja ouma, ndipo ngati pansi pali madzi musaiyandikire n'komwe. Funani mmisiri amene ali ndi chiphaso cha MERA. Vuto likakhala pa mita kapena pa waya wochokera papolo, imeneyo ndi ntchito ya a ESCOM.

## Ngati PIR yakanika, mugule chiyani

Musanagule, dzifunseni chimene mukufuna kudziwa: kuti chitseko chatsegulidwa, kuti munthu wadutsa mpanda, kapena kuti m'chipinda muli munthu. Lililonse lili ndi chipangizo chake.

Pachitseko, pazenera, pageti la khola kapena pankhokwe: sensa ya maginito. Ili ndi tizidutswa tiwiri, kamodzi pachitseko kena pafelemu. Tikasiyana, alamu imalira. Kutentha, mbuzi ndi nalimata sizikhudza sensa imeneyi, ndipo batire lake limakhalitsa. Ineyo ndikanati aliyense wa golosale ayambire pamenepa asanaganize za china. Pachitseko chachitsulo ikani kathabwa kapena kapulasitiki pansi pake, chifukwa chitsulo chimafooketsa maginito.

M'mbali mwa mpanda kapena kuzungulira khola la ng'ombe: masensa a bimu. Amabwera awiriawiri, ina imatumiza kuwala kosaoneka ndi maso, inzake n'kulandira, ndipo munthu akadutsa pakati alamu imalira. Sadalira kutentha kwa thupi. Ambiri amayendera 12V, choncho batire la sola limakwanira. Gulani a mabimu awiri, amene salira pokhapokha onse atadulidwa, kuti mbalame kapena tsamba lisawadzutse. Aikeni pamsinkhu wa pachifuwa pa munthu kuti mbuzi ndi agalu azidutsa pansi, pamapolo osagwedezeka, ndipo dzinja muzitchetcha udzu wa pakati pake. Nkhungu yambiri ya m'mawa, monga ya kufupi ndi dambo la Elephant Marsh, ingathe kuwaliritsa ngati mwawatalikitsa mpaka pamalire, ndiye gulani ofika patali kuposa mtunda umene mukufuna.

Pabalaza, kuchipinda ndi kubafa: sensa ya radar ya mmWave. Imatumiza mafunde a 24 GHz kapena 60 GHz n'kumva akabwerera, ndipo imazindikira ngakhale kupuma kwa munthu wokhala phee. Kutentha kwa Okutobala sikuisokoneza. Koma ili ndi zovuta zake zimene tiyenera kunena poyera. Fani yozungulira ndi makatani ouluzika imaziona ngati munthu, ndipo kuno fani siizima chilimwe chonse, choncho gulani imene app yake imalola kuchotsa chigawo cha fani, kapena ilozetseni kumene fani kulibe. Imaonanso kupyola chitseko chopyapyala ndi siling'i. Zambiri zimafuna magetsi a USB nthawi zonse. Mababu otchipa a radar ya 5.8 GHz amapyola makoma kwambiri, moti amayaka munthu akamadutsa panja, ndipo m'nyumba zogundizana za lendi amasowetsa mtendere.

Pabwalo pamene alamu yabodza yakutopetsani: sensa yophatikiza PIR ndi radar. Imalira pokhapokha zonse ziwiri zitavomerezana, ndiye kulira kwachabe kumachepa kwambiri. Kumbukirani kuti mbali yake ya PIR imafookabe kukatentha, choncho malangizo a mthunzi ndi mtunda aja akugwirabe ntchito.

Pakhonde pongofuna kuwala: babu la LED la mawati ochepa lokhala ndi sensa ya mdima, loyaka dzuwa likalowa n'kuzima kukacha, silidya mayunitsi ambiri ndipo silisamala za kutentha kapena ziweto.

Makamera ozindikira munthu amathandiza kusiyanitsa munthu ndi ng'ombe, koma amadya bandulo, ndipo kuwala kwawo kwa usiku kumakopa tizilombo ndi akangaude padiso. Ngati mukugula, sankhani yosunga zithunzi pa memori khadi.

Chilichonse chimene mwasankha, werengani bokosi muli m'sitolo momwemo. Cha panja chikhale cholembedwa IP65, kusonyeza kuti fumbi ndi mvula sizilowa, kapena IP44 ngati chikhala pansi pa denga la khonde. Madigiri ogwirira ntchito afike 50 kapena kuposa. Funsani wogulitsa kuti azimitse intaneti pamaso panu, muone ngati sensa ikuliritsabe sayirini kapena kuyatsa babu. Funsaninso ngati batire lake limapezeka ku Nchalo kapena ku Bangula, ndipo pemphani lisiti lolembedwa masiku obwezera katundu, kuti mukayese sensayo kunyumba madzulo khoma lidakali lotentha.